Tivi ya mainchesi 55 yomwe inandiletsetsa mchere

Pa mzere wa nyumba zathu ku Area 25 aliyense ali ndi chake chomwe amatchuka nacho. Wina ndi katswiri wa bawo, wina amaotcha nyama bwino, ndipo pali bambo mmodzi amene amangodziwika ndi ngongole. Ine changa chinali mpira wa pa gemu. PlayStation 4 anandibweretsera msuweni wanga wa ku Johannesburg, yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi mapadi awiri ndi FIFA 23. Loweruka lililonse masana anthu ankabwera okha kudzalandira zigoli pabalaza panga. Alamu anga, achimwene a mayi akunyumba, ndinkawachinya mpaka ankachoka osatsanzika.

Zonsezi zinkachitikira pa kativi ka mainchesi 32 komwe tinapatsidwa pa ukwati. Tsiku lina nditawamwetsa zigoli zisanu, alamu anaika padi pansi n'kunena kuti, "Alamu, inu mumawina chifukwa mumakhala pafupi ndi kativi kanuka. Enafe mpira sitiuona n'komwe." Anthu anaseka. Ine ndinasekanso, koma mawuwo anakhala pamtima. Ndiye banki m'khonde itagawa ndalama mu Disembala, ndinakwera minibasi yopita ku Old Town.

M'sitolo yomwe ndinalowa, matiivi onse pakhoma ankaonetsa kanema mmodzi yemweyo: mbalame zamawangamawanga, kenaka dontho la madzi likutsetsereka pang'onopang'ono pa tomato. Tomato wofiira chotero ngakhale pa Lizulu simungamupeze. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, mnyamata wogulitsa n'kundifika pambali mwakachetechete.

"Ndikufuna ya gemu, achimwene."

"Ndiye mwafika, bwana. Iyi apa. Mainchesi 55, 4K, Smart, ndipo taonani chomata ichi, 120. Gemu pamenepa imachita kuuluka."

Ndinamufunsa mafunso awiri anzeru: ngati udzu wa m'bwalo uzioneka wobiriwira chomwecho, ndi ngati angachotseko pang'ono pa mtengo. Loyambalo anavomera, lachiwirilo anangoti mawa ikwera. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu oti "mawa ikwera" palibenso amene amawatenga ngati nthabwala. Ndinalipira. Anandichenjeza kuti katoniyo ndisaigoneke, iyende choimirira, ndipo kondakitala wa minibasi atamva zimenezo anandilipiritsa mipando itatu.

Kunyumba tiviyo inakana kulowa pa displeyi. Matambula a alendo, maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati zinasamutsidwa, pamapeto pake tinaitana mmisiri kudzaikhomera pakhoma. Mayi akunyumba anaiyang'ana kuyambira kumanzere mpaka kumanja.

"Abambo, simenti ija ndi imeneyi?"

"Simenti sithawa, mayi."

"Sithawadi. Imangokwera."

Loweruka pabalaza panadzaza. Panali alamu, aneba atatu, ndi mwana wa mlongo wanga wa Sitandade 7 amene anabwera kudzakhala nafe pa holide. Ndinasankha Manchester City. Haaland anaoneka pakhoma wamkulu, tsitsi lake mumachita kuliwerenga limodzilimodzi. Ndinauza alamu kuti lero chonamizira palibe, mpira akuuona.

Mphindi zoyambirira ndinamupatsira Haaland mpira wabwino, iye yekha ndi goloboyi. Ndinadina batani lomenyera kugolo. Haaland anayamba waganiza kaye. Pomwe ankati akweze mwendo, mpira unali utapita kale ndi wotchinga kumbuyo, ndipo pa gemu imeneyi batani lomenyera kugolo ndi lomwelo lolanda mpira ukakhala kuti uli ndi mdani. Choncho m'malo mwa chigoli, Haaland anamugwetsa mnzakeyo chakumbuyo. Woyimbira anaimba.

Ndinati ndi thukuta la m'manja. Ndinapukuta padi pa thalauza. Alamu akubwera ndi mpira chakuphiko, ine ndikuona bwinobwino kuti apa ndikatsetsereka ndiutenga. Ndinadina batani la bokosi, lotsetserekera. Wosewera wanga anatsetsereka mwaulemu wake, nthawi yake, n'kukapeza miyendo yokhayokha mpira utadutsa. Khadi yofiira. Chigawo chachiwiri ina. Ndinamaliza ndi anthu asanu ndi anayi, alamu atandithira 4 kwa 0.

Mwina mukufunsa kuti nanga alamuwo sankasewera pa tivi yomweyo? Ankasewera pomwepo. Koma alamu chiyambire sanadinepo batani pa nthawi yake. Iwo amangofinya onse pamodzi, maso ali pa anthu, pakamwa pakulankhula. Munthu wotero kuchedwa sikumupweteka. Kumapweteka ife amene timayeza.

Kenaka mwana uja anapempha padi. Anasankha katimu ka mu ligi yachinayi ya ku England, koti dzina lake sindinalimvepo, n'kundikwapula 7 kwa 1. Chimodzicho anadzigoletsa yekha, ndipo mpaka lero ndimakayika ngati sichinali chachisoni.

Sabata yotsatira ndinayamba kusaka mfiti. Woyamba kumuganizira anali padi, ndiye ndinagula ina. Palibe chinasintha. Mnzanga wa kuntchito anati vuto ndi chingwe cha HDMI cholumikiza gemu ndi tivi, ndipeze chokhala ndi mitu yagolide. Ndinachipeza, mtengo wake wa nkhuku ziwiri. Haaland anapitiriza kuganiza. Ndinasuntha mpando kupita kutsogolo, ndinaubweza m'mbuyo, ndinafika mpaka posewera choimirira.

Apa m'pamene mayi akunyumba analowererapo. Anandipeza usiku ndikuyang'anitsitsa chala changa chachikulu, ndikuchipinda ndi kuchiwongola.

"Chatani chalacho?"

"Ndikachituma chikumachedwa."

Sindinadziwe kuti mawu amenewo ayenda mtunda wotani. M'mawa mwake anaimbira mayi awo kuwauza kuti bambo a kuno manja sakumvana ndi mutu. Lachitatu apongozi anatulukira ndi kamakina koyezera BP kobwereka kwa neba wawo. Munthu sungakane kupereka mkono kwa apongozi. Anandimanga lamba uja, onse awiri akuyang'ana manambala, ine ndikuyang'ana kudenga. BP inapezeka yokwererako, zomwe sizodabwitsa kwa munthu amene wachinyidwa 7 ndi mwana wa pulayimale ndipo tsopano wagwidwa mkono ndi apongozi ake. Chigamulo chinaperekedwa pomwepo: mchere ayi, nyama yootcha ayi, tiyi wa shuga supuni imodzi.

Lamlungu ku mphakati ndinamva dzina langa likutchulidwa pakati pa odwala. Amayi ena anandigwira dzanja potuluka, nalisisita, n'kunena kuti amuna awo zinayambanso choncho.

Ine sindinagonje. Usiku uliwonse anthu akagona ndinkayatsa gemu, mawu nditatsitsiratu, n'kumaphunzira kudina zinthu zisanachitike. Ndikaona kuti wosewera wanga watsala sitepe imodzi kuti afike pomenyera, ndadina kale. Mdani asanaganize zokhota, ine ndatsetsereka kale komwe akhotere. Ndinasanduka mlosi. Pofika kumapeto a holide ndinkatha kufanana mphamvu ndi kompyuta, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti kusiya mchere kukuthandiza.

Kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere kwawo, mwana uja anandipeza pakhonde.

"Amalume, mukandigulira bandulo ndikuuzani chinthu."

Ndinamugulira. Anatenga foni ya azakhali ake, natsegula kamera pa slow motion, n'kundiuza kuti ndigwire padi patsogolo pa tivi kuti chala ndi sikirini zioneke pamodzi. Ndinadina X. Titabwezera kanemayo, ndinaona chala changa chikutsika, batani likulowa mpaka pansi, chala chikuyamba kubwerera, ndipo wosewera pa sikirini ali chiimire. Patapita kanthawi ndithu m'pamene mwendo wake unanyamuka. Chala changa chinalibe mlandu. Ndinafuna kutumiza kanemayo kwa apongozi nthawi yomweyo.

Mwanayo anafotokoza ngati mphunzitsi amene watopa ndi kalasi. PlayStation 4 wamba, yosakhala Pro, imatulutsa chithunzi cha 1080p basi, timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Tivi ya 4K ili ndi timadontho 3840 ndi 2160, kuchulukitsa kanayi. Ndiye pa timadontho tinayi tilitonse tomwe ndinkanyadira pakhoma paja, titatu tiviyo inkachita kupeka yokha. Ikatero inkayambanso kusalaza chithunzi, kukoleza mitundu, ndi kupanga zithunzi zina zongopeka n'kuzilowetsa pakati pa zenizeni kuti kuyenda kuzioneka kofewa. A Sony zimenezi amazitcha Motionflow, a LG amati TruMotion, a Samsung ankati Auto Motion Plus, ndipo yangayi inali ndi dzina lakenso. Kuti ipeke chithunzi chapakati, tivi imayenera kudikira chotsatira chifike kaye. Chithunzi chilichonse chinkakhala ngati mkwatibwi amene akumudzoza ndi kumupesa kuchipinda pomwe mpingo wakhala kale m'tchalitchi.

Pa filimu kudikira kumeneko palibe amene amakuona, chifukwa filimu siyembekezera chala cha munthu. Pa gemu ndi nkhani ina. Gemu yoyenda zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi osakwana 17 alionse, pomwe tivi yotanganidwa ndi zodzoladzola imatha kuchedwa ndi mamilisekondi 100 kapena kuposa. Wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi amakhala atayenda pafupifupi mita yathunthu. Ine ndinkatsetserekera munthu amene anachokapo kale.

"Nanga 120 ija?"

"Ija ndi ya pa katoni, amalume. Sikirini yake ndi ya 60. Ndiponso PS4 yanuyi pa tivi sipitirira 60. Za 120 zenizeni pa 4K zimafuna PS5 ndi tivi yokhala ndi HDMI 2.1."

"Chingwe chagolide?"

Anangondiyang'ana. Kenaka anati chingwe cha HDMI chimafikitsa chithunzi kapena kulephera kufikitsa, koma sichichisunga m'njira.

Anatola rimoti, nalowa pa Settings, pa Picture, n'kutsika kudutsa Vivid, Standard ndi Movie mpaka pa mawu awiri omwe anali pansi penipeni: Game Mode. Anadina. Udzu wa m'bwalo unazilala pang'ono, nkhope ya Haaland inasiya kunyezimira. Ndinagwedeza kandodo ka padi ndipo munthu anatembenuka nthawi yomweyo. Matiivi atsopano ambiri, anatero mwanayo, amalowa okha mu Game Mode akalumikizidwa ndi PS5 kapena Xbox Series X, koma PS4 siuza tivi chilichonse, umachita kuikamo wekha. Ndipo kukagula tivi ya gemu, anzake amanyamula gemu yawo n'kukaiyesa m'sitolo momwemo, saonera tomato.

"Iwe unadziwa liti zimenezi?"

"Tsiku loyamba lomwe. Kumsika kwathu komwe timalipira kuti tisewere, mwini wake amaika Game Mode pa tivi iliyonse."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Amalume, holide yathayi munandichinya tsiku lililonse. Munkachita kuvina."

Ndinalibe nthawi yokwiya. Ndinaimbira alamu kuti abwere msanga, ndipo abwere ndi mboni. Anafika ndi aneba aja, mayi akunyumba anaima pakhomo la kukhitchini atagwira chipande. Ndinalengeza kuti matenda apezeka, anali a tivi, ndipo lero aliyense abwerera pamalo pake.

Woyimbira anaimba. De Bruyne ali ndi mpira, Haaland akuyamba kuthamanga. Chala changa, chomwe ndinachiphunzitsa usiku ndi usiku kulosera, chinadina sitepe imodzi nthawi isanakwane. Ulendo uno tivi inamvera pompo. Mpira unapita kumene kunalibe munthu. Ndinamenya kugolo ndisanalowe n'komwe m'bokosi, mpira n'kukagwera kwa oonerera. Alamu akubwera chakuphiko, ine ndinatsetsereka molosera, wosewera wanga anadutsa yekha chogona kutsogolo kwawo, iwo anangomuzungulira n'kupitirira. Goloboyi ndinamutulutsa msanga moti anakumana ndi mpira ukupita, iye akubwera. Ndinkauza chala kuti chidikire, chala chinkati chinaphunzira kale.

Zinathera 3 kwa 0. Aneba anatuluka mmodzimmodzi osandiyang'ana kumaso. Alamu anaika padi patebulo mofatsa, natulutsa foni, n'kuimba ali pomwepo pabalaza panga.

"Amayi, ndabwera kudzawaona alamu. Ayi, sizinasinthe. Poyamba ankachedwa, pano akumafulumira. Eya. Ndiwauza achemwali."

Anatseka foni n'kutembenukira kukhitchini.

"Akuti ndi mafuta omwe muchepetse."