Ngongole yatha, galimoto yachiwiri yafika: ulendo wathu wa ku York

Sabata yatha ndinapereka ndalama yomaliza ya ngongole ya galimoto yathu yoyamba, ndipo yachiwiri yaima pakhomo pano. Mayi a kunyumba akuti, "Bambo, lembani, anthu adziwe kumene tachokera." Ndiye ndalemba.

Bizinesi iyi yonyamula alendo pa galimoto inayamba chifukwa cha mawondo a apongozi anga. Mu 2018 anabwera kuno ku Leeds, ku England, kudzaona chidzukulu, ife n'kuti tikawaonetse York, mzinda wozunguliridwa ndi linga. Tinakwera sitima. Kuchoka pa siteshoni kukafika ku tchalitchi cha York Minster, kwa mnyamata ndi pafupi, koma mayi wamkulu, m'mphepo ya kunoyi, pofika pa mlatho wa Lendal anali atatheratu. Anakhala pansi, nsapato ili m'manja, n'kunena chapansipansi kuti, "Apongozi, linga ndaliona. Kwathu ku Nkhotakota kulinso Linga, koma silinandizunzepo chonchi." Manyazi amene ndinamva tsikulo ndiwo anali mpamba wanga woyamba.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Masana ndinkathamangira mapepala a ku khonsolo, kupimidwa kuchipatala, kufufuzidwa ngati ndilibe mlandu, ndi inshuwalansi yonyamulira anthu imene mtengo wake unandiumitsa pakamwa. Mu 2019 ndinagula galimoto ya anthu 8 pa ngongole.

Wondigulitsayo analumbira kuti galimotoyo ilibe vuto. Miyezi itatu isanathe, giyabokosi inafera pa msewu wa A64, m'galimoto muli banja lochokera ku Zomba limene linabwera ku mwambo wa mwana wawo womaliza maphunziro. Agogo atavala suti, ine ndili m'mbali mwa msewu ndi foni yosayankhidwa. Achimwene ogulitsa aja, ngati mukuwerenga, dziwani kuti nambala yanu ndinaisunga, ndipo aliyense wondifunsa kogula galimoto ndimamuuza koti asapondeko.

Nditangoikonzetsa, mu March 2020 dziko lonse linatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Galimoto inakhala pabwalo mpaka masamba kudzaza pa galasi. Obwereketsa ndalama aja sankadziwa za mliri ayi, kalata zawo zinkabwera pa tsiku lake. Kwathu katapira amavala zigamba, kuno amavala taye. Kawiri konse ndinalemba uthenga woigulitsa, kawiri konse mayi a kunyumba anandilanda foni. Ndinabwerera ku ntchito ya usiku, ndipo anzanga a chipereganyu anagwirizana kuti ndilandire ine poyamba ngakhale dzina langa linali kumapeto.

Zoyenda zitayambanso, ndinali nditaudziwa mzindawo ngati munda wanga. Linga la York ndi lotalika makilomita pafupifupi 3.4, ndipo kuyendapo ndi ulere. Aroma ndiwo anayambitsa mzindawu m'chaka cha 71, dzina lake nthawiyo Eboracum, koma makoma ambiri amene aimapo lero ndi a m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Zipata zikuluzikulu zilipo zinayi, ndipo kuno chipata amati "bar". Pa Micklegate Bar ndi pamene ankapachika mitu ya oukira mfumu. Anapachikaponso mutu wa Richard, Duke of York, amene anaphedwa mu 1460. Ndikafika pamenepa ana amasiya mafoni.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pakati pa mzinda galimoto sizilowa masana, ndipo kokwerera pa linga ndi masitepe opapatiza. Ndiye ine ndimakutsitsani pafupi ndi Bootham Bar. Amphamvu akwera, ayenda mpaka Monk Bar, chigawo chimene Minster imaoneka bwino pa chithunzi. Agogo tiyenda nawo pansi pang'onopang'ono, tikakumana kutsidya. Kenako ku Shambles, kamsewu kakale ka ogulitsa nyama, kumene nyumba za mbali iyi ndi iyo zimachita ngati zigundana mitu. Kukazizira mpaka pansi kuterera, linga amatseka, choncho m'nyengo yachisanu ndimayamba ndafufuza tisananyamuke. Kulowa mu Minster ngati mlendo woona malo kuli ndi malipiro, koma ku mapemphero n'kwaulere, ndipo amayi ambiri a mvano amene ndawanyamula amasankha mapemphero a madzulo, pamene kwaya ikuimba.

Ndithokoze. Mayi a kunyumba, inu amene munkadya nane phala usiku kuti ngongole ilipidwe, zikomo. Anzanga a chipereganyu, mutu umodzi susenza denga, denga ili n'lanu. Makaniko wanga wa ku Bradford amene anandikhulupirira kuti ndizilipira pang'onopang'ono, Mulungu akuonjezereni. Abusa ndi mpingo amene munkalengeza dzina langa popanda kulipira, anamwino ndi ophunzira amene mumandipatsira makolo anu akatsika ndege, banja la ku Zomba lija limene m'malo mokalipa linandigawira mandasi pa A64 ndipo labweranso kawiri: sindikuiwalani. Ana anga amene mumatsuka mipando Loweruka, malipiro anu akubwera.

Tsopano popeza galimoto zakwana ziwiri, timanyamula ku Leeds, Bradford ndi pa bwalo la ndege la Manchester, kukafika ku York n'kubwerera tsiku lomwelo, kapena kukusiyani ku hotelo. Mtengo timagwirizana tisananyamuke ndipo susintha panjira. Mipando ya ana ilipo, masutikesi a ku Malawi aja amalowa onse, ndipo mbiri ya mzindawo ndimafotokoza m'Chichewa. Lamulo la kuno silitilola kunyamula munthu wotibayitsa pamsewu, ndiye lembetsani pa WhatsApp kudakali masiku, makamaka July ndi December. Loweruka loyamba la December musafunse mpando wakutsogolo: apongozi akubweranso, ndipo anena kale kuti ulendo uno afika pa Monk Bar nsapato zili kuphazi.