Kamera ya ku Switzerland pa ukwati wa mphwanga

Ndinaigula Lamulungu lina pa msika wa zinthu zakale ku Johannesburg, kwa gogo wina amene ankagulitsa katundu wa malemu amuna ake. Chinthu cholemera, chakuda, magalasi atatu kutsogolo, cholembedwa Paillard Bolex. Mumtima ndinati apa ndatola.

Sabata yathunthu ndinkafunafuna polowetsera chaja. Palibe. Poika batire, palibenso. Mnzanga wina wa ku Mzimba ndiye anandiuza kuti kamera ya kanema imeneyi, ya mtundu wa H16 womwe unayamba kupangidwa mu 1935, imayenda ndi sipuling'i ngati wotchi ya agogo. Umapukusa chogwirira cha pambali, iyo n'kumayenda yokha. Eni ake a ku Sainte-Croix ku Switzerland anayamba ndi kupanga mawotchi ndi timabokosi toimba tokha, ndiye zopukusapukusazi n'zakumtundu.

Ukwati wa mwana wa mchemwali wanga utayandikira, ndinalamula kuti asalembe wojambula, malume alipo. Ndinagula mpukutu umodzi wa filimu ya 16mm, mamita 30, pa ndalama yoti kumudzi n'kugwira mbuzi. Sindinkadziwa kuti mpukutu wotere sukwana ndi mphindi 3 zomwe, kuti kupukusa kamodzi kumangokupatsa masekondi 28, komanso kuti mawu siijambula.

M'tchalitchi ndinayamba mwamphamvu, kujambula amayi a mvano akulowa. Abusa atangofunsa mkwati ngati akuvomera, kamera inati zii. Ndinagwada n'kuyamba kupukusa, kwe kwe kwe, ngati ndikukonola chimanga pachigayo, mpingo wonse maso pa ine. Pomadzuka, mphete zinali zitalowa kale, nthungululu zili pakamwa. Filimu yotsalayo inathera pa msana wa mkulu wa mpingo.

Ku madyerero mchemwali anabwera akumwetulira. "Achimwene, tationetsaniko." Ine mwaulemu ndinatsegula chivundikiro, dzuwa lili paliwombo, n'kusolola filimu yonse kuti aone bwino. Munalibe kanthu. Nanga ndani anandiuza kuti imayamba yatsukidwa mumdima? Ngakhale msana wa mkulu wa mpingo uja unapsa.

Patapita miyezi ndinapita nayo kwa bambo wina wosunga makamera akale. Atawerenga dzina la Kern Switar pa galasi, manja anayamba kunjenjemera. Anati makamera amenewa anthu amawalimbirana chifukwa mulibe zamagetsi zoti zife, ndipo yosamalidwa bwino imajambulabe mpaka lero. Ine ndinayamba kuwerengera malata a nyumba ya kumudzi.

Kenako anainunkhiza. "Mwaichita chiyani?"

Ndinafotokoza monyadira kuti usiku woti mawa ukwati ndinaikwecha ndi sitiliwulu kuti iwale, magalasi omwe, ndipo m'kati ndinathiramo mafuta ophikira kuti isamachite phokoso. Bamboyo anakhala pansi pang'onopang'ono n'kupempha madzi akumwa.

Pano imatchinjiriza chitseko changa kuti chisamenyeke ndi mphepo. Mchemwali akabwera ndi zidzukulu, amailoza ndi phazi: "Ukwati wa amayi anu ndi umenewo."