Mmene ndinasandukira namapopa ndili ku Indiana

Kuno ku America munthu wa green card, chiphaso chokhalira m'dzikoli mokhazikika usali nzika, sangaitanitse kholo lake. Mkazi ndi ana osakwatira angathe kuwaitanitsa, koma za mayi kapena bambo zimafuna ukhale nzika, komanso ukhale utakwanitsa zaka 21. Ndiye nditangolumbira unzika, mu 2022 ndinakasindikiza fomu ya I-130, yoitanitsira wachibale, kulaibulale ya kuno ku South Bend, masamba 12, n'kuwauza mayi akunyumba kuti maloya ndi a anthu osapita kusukulu. Ine MSCE ndinakhoza. Fomu yofunsa za amayi anga ondibereka ikanandivuta pati?

Pali tsamba lina limene limafuna kudziwa maonekedwe a woitanayo: msinkhu m'mafiti, kulemera m'mapaundi, mtundu wa maso. Pamasopo anaikapo ngakhale pinki ndi maruni, kaya anthu ake amakhala dera liti. Pa tsitsi ndinachonga Black. Mayi akunyumba, amene anali kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, anangotambasula chala n'kuchiika pa kabokosi kolembedwa Bald.

"Abambo, fomu iyi mukusayina molumbiratu. Dazi limeneli mukufuna kulibisira boma?"

Ndinasindikizanso tsambalo.

Kenako panafika dzina la amayi. Kwathu ku Dedza palibe amene amawatchula dzina. Malemu bambo ankati anaPhiri, mudzi wonse umati anaPhiri, ife ana timati amayi, ndipo mwana wotchula dzina la make amaonedwa ngati wakulira kutchire. Ndinaimbira achemwali, anandipatsa dzina lina. Chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa pa kalembera wa 2017 chinali ndi dzina lomwelo koma lolembedwa ndi R, chonsecho khadi yawo yakutchalitchi ili ndi L, ndiponso yokhala ndi mfunda wa bambo awo. Mwamwayi fomuyo ili ndi mzere wa mayina ena amene munthu anagwiritsapo ntchito. Ndinawathira onse mmenemo.

Chaka chobadwa chinautsa mkangano pakati pa anthu awiri a bere limodzi. Atsibweni ankati mlongo wawo ndi wa chaka cha njala ya 1949. Amayi ankati bodza, pamene Kamuzu ankatsika ndege ku Chileka mu 1958 iwo anali asanayambe n'kusinja komwe. Chiphaso chinkati 1 January 1952. Ndinatsata chiphaso, ndipo tsiku limeneli ndinalikonda, chifukwa Amereka amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, ndiye 01/01 uyiyambire kumene ungayambire siisokoneza. Ndinalemba cheke cha $535, kutumiza, ndipo kalata yoti alandira itabwera ndinaimata pafiriji kuti alendo aziona.

Patapita miyezi kunabwera envulopu ina ya USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dziko, ndi kalata imene kuno timangoti RFE, kutanthauza kuti akufuna umboni wina. Ndipo anali ndi chifukwa chomveka. Woitanitsa mayi ayenera kuonetsa setifiketi yobadwira yokhala ndi dzina lake ndi la mayiyo. Ine ndinabadwira m'nyumba, m'manja mwa azamba, nthawi imene kumudzi kunalibe wolembetsa mwana kuboma. Setifiketi yanga ndinachita kuitenga ku National Registration Bureau ndili kale ndi imvi m'ndevu. Pepala lolembedwa mochedwa chonchi salipatsa mphamvu zambiri, ndiye anafuna za kalekale: za ubatizo, za kusukulu, kapena makalata olumbira a anthu awiri amene analipo ndipo akudziwa bwino za kubadwa kwanga.

Achemwali anapita kutchalitchi kwathu. Kaundula anamupeza, tsamba langa analipeza, koma chiswe chinali chitadya ndendende pamene panali dzina la mayi wa mwana, n'kusiya siginecha ya abusa ili gwa. Kusukulu ya pulayimale zinayenda bwino kwambiri moti ndinalakalaka zikanalephereka. Ine pulayimale ndinaphunzira ndikukhala ku Kawale kwa amayi aang'ono, ndipo pa mzere wa kholo panali dzina lawo. Pepala lakale lokhalo limene linapulumuka linkanena poyera kuti mayi wanga ndi mkazi wina.

Panatsala atsibweni. Iwowa anailandira ntchitoyo ndi manja awiri. Kalata yawo inadzaza masamba a kope, m'Chichewa, ndipo chikalata chilichonse chosakhala m'Chingelezi chimayenera kumasuliridwa chonse ndi munthu wosayinira kuti wamasulira mokhulupirika. Mnzanga wina wakumpingo anavomera kumasulira, koma atafika pakati anandiimbira akulephera kuyankhula ndi phwete. Gawo lalikulu linali la mlandu wa dimba umene unayamba ine ndisanabadwe. Gawo lina linali lodandaulira boma la America kuti muphwa wawo anakwatira osadikira mwinimbumba. Za kubadwa kwanga zinali mu mzere umodzi: "Mwanayu anabadwa usiku, ndipo ndikudziwa bwino chifukwa anandilembera kalata ndili kumigodi ku Joni." Kumapeto anawonjezera kuti nawonso ndi okonzeka kunyamuka, ndipo nsapato amavala sayizi 9. Ndinayesa kuwafotokozera kuti mulamulo mulibe khomo la atsibweni, kuti ngakhale achemwali atati ndiwaitanitse angadikire zaka zoposa khumi. Anati lamulo losadziwa atsibweni analemba ndi anthu opanda mbumba.

Apa m'pamene ndinakagogoda kwa loya, mwakachetechete, mayi akunyumba atapita kuntchito. Loyayo anawerenga zonse, anavula magalasi, n'kunena kuti njira yachidule ndi DNA. Boma silikukakamiza, umasankha wekha ndipo umalipira wekha. Umapita ku labu yovomerezedwa ndi bungwe la AABB, iwo amakupukuta m'kamwa ndi kathonje, n'kutumiza zipangizo zina ku embassy ya ku Lilongwe kuti amayi akawapukutenso kumeneko. Zosavuta.

Amayi alibe foni ya WhatsApp. Uthenga umadzera kwa msuweni wanga, amene ali ndi kagolosale pamsewu. Ndinajambula voice note ndikutuluka shifiti ya usiku, maso ali psuu: "Ukawauze amayi akonzeke, apite ku Lilongwe. Azungu akufuna aone magazi awo ndi anga, zikatheka basi zanga zonse ziyenda."

Msuweni wangayo foni yake imangoyankhula pa laudi. Ndipo anaitsegula pakhonde la golosale, pamene madoda amasewera bawo.

Dzuwa lisanalowe, mudzi unali utamaliza kuwerengera. Munthu amati amagwira ntchito yosamalira nkhalamba, nanga nyumba ya malata ija anamangira chiyani? Sola ija? Nanga bwanji amagwira ntchito usiku wokhawokha? Anthu anali asanaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, zija zinavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndiye nkhani inangolowa m'malo mwake. Mwana wa anaPhiri wakhwimira ku America, tsopano akulu ake amuuza kuti apereke magazi a make. Mayi wina anakumbukira kuti ndili mwana sindinkalira pamaliro. Bambo wina anati dazi langa linayamba modabwitsa.

Foni inalira cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kumudzi dzuwa litakwera kale. Vidiyo. Nditayankha ndinaona bwalo lathunthu pansi pa mtengo wa mango: atsibweni pampando wa ndalema, mkulu wa mpingo Baibulo lili pamwendo, amayi aang'ono amene anachita kukwera minibasi kuchokera ku Kawale, ndi mitu ya ana ikusuzumira m'mbali. Amayi anakhala pamphasa, atayang'ana kumbali.

Mkulu wa mpingo anayamba ndi pemphero lalitali, lotchula Kaini, Yudasi ndi mwana wolowerera. Atati ameni, atsibweni anakonza kukhosi.

"Muphwa, ife sitikukuweruza. Tangonena, magaziwa akufuna malita angati?"

Ndinalumbira kuti palibe ngakhale dontho. Ndinathamangira kubafa ndili ndi kabudula wogonera, kutenga kathonje kotokosera m'khutu, n'kuima kutsogolo kwa kamera. "Taonani, atsibweni, amangotere." Ndinayasamula, kulowetsa kathonje, kupukuta tsaya mkati. Netiweki inasankha nthawi yomweyo kuima. Achemwali akuti kwa kanthawi ndithu bwalo lonse linkayang'ana chithunzi cha ine, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka, kamtengo kali m'kamwa, dazi likuwala ndi getsi la kubafa. Ana anathawa. Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo.

Netiweki itabwerera ndinafotokoza bwinobwino: za chiswe, za pepala la ku Kawale, za kalata ya ku Joni. Ndinati malovu okha, kuti makina atsimikize kuti amayi ndi amayi anga. Anthu anapumira m'mwamba, ena mokhumudwa chifukwa nkhani inali itakoma. Pamenepo amayi anatembenuka n'kulanda foni. Anaiyandikiza kwambiri moti ndinkangoona mphuno ndi duku.

"Zaufitizo ine sindinazikhulupirire. Iwe mantha ako ndimawadziwa, sungakhwime. Koma ukuti chiyani? Makina?"

"Eya amayi, ndi lamulo chabe la..."

"Ndinagona pamphasa masiku awiri ndi mutu wakowo. Azamba anachita kuitana anzawo. Lero ukafunse makina a azungu ngati ndine mayi wako?"

"Si ine amayi, ndi mapepala."

"Chabwino. Ndipita ku Lilongweko, ndikawapatsa malovuwo. Koma makinawo akakati si iwe, mbuzi zanga zija ndinagulitsa za fizi ya Fomu 1 undibwezere. Ndi ana ake."

Anapitadi, atavala chitenje cha chigwirizano, ndipo achemwali akuti anayasamula mwaulemu koma osayankhula ndi munthu. Zotsatira zinapita ku USCIS, ine n'kulandira kope langa. Pambuyo pake fomu inavomerezedwa, nkhani inasamukira ku National Visa Center, ofesi yokonza mapepala a viza, kumene kunali kundidikira I-864, pepala lolumbira kuti ndidzawasamala ndipo malipiro anga akuposa 125 peresenti ya mzere wa umphawi wa kuno. Limenelo ndinalemba loya ali pambali.

Koma tsiku limene kope lija linafika ndinaimba ndi chimwemwe, bwalo lomwe lija litasonkhananso. Ndinawerenga mokweza kuti mwayi woti anaPhiri ndi mayi wanga ndi 99.99 peresenti. Ndinkayembekeza nthungululu. Kunangoti zii.

"Bwanji sinakwane 100?" anafunsa amayi. "Kotsalako n'kwa ndani?"

Ndisanayambe kufotokoza kuti makinawo safika pa 100, amayi aang'ono anawomba m'manja kamodzi.

"N'kwanga kameneko. Phala la ku Kawale lija mumayesa linangopita pachabe?"

Atsibweni anagamula pomwepo kuti mfundoyo ndi yomveka, n'kundilamula kuti ndikafunse loya ngati kagawo kameneko sikangakwane viza, ngakhale ya miyezi itatu. Loya wanga amalipiritsa pa ola, ndiye funsolo sindinalipereke. Amayi aang'ono sanadikire yankho lake. Mwezi uliwonse ndikatumiza ndalama kumudzi, msuweni amanditumizira voice note yawo yokumbutsa kuti pandalamapo pali gawo lawo, ndipo masamu a 0.01 peresenti amawerengera okha: nthawi zonse imakwana thumba la feteleza.