Lipoti la ulendo wa ku Tuscaloosa, komwe a Nick Saban anamalizira ntchito

Kwa inu amene munatsala ku South Bend chifukwa cha mashifiti, nayi nkhani ya ulendo wathu uja wa ku Tuscaloosa, m'boma la Alabama, komwe a Nick Saban anali kochi wa mpira wa ku America payunivesite.

Tinanyamuka mbandakucha pa minibasi yahayala, kudzera ku Indianapolis, kutsata msewu wa I-65 kudutsa Louisville ndi Nashville mpaka Birmingham, kenako n'kukhotera ku Tuscaloosa. Tinafika dzuwa litalowa. Amayi a m'gulu anatiphikira nkhuku ndi mandasi okwanira njira yonse, ndipo tikuwathokoza.

Cholinga mukuchidziwa. Ana athu ambiri alowerera mu mpira wa ku America, ena akuti adzakhala makochi, pomwe ife makolo timangouona pa TV osaumvetsa. Komanso amene tinali kuno mu Januwale 2013 sitinaiwale mmene tauni inazizirira Alabama itakwapula Notre Dame, timu ya yunivesite ya kwathu kuno, 42-14 mu fainolo ya chikho cha makoleji. Tinati tikaone kwawo kwa anthu amene anatichita zimenezi.

M'mawa tinayambira ku Paul W. Bryant Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya timu ya yunivesite ya Alabama. Muli zikho, mayunifolomu akale, ndi ofesi ya malemu Bear Bryant, kochi wa chipewa chamandalasi uja, yokonzedwa monga inalili. Sitinachedwemo. Mtima wa aliyense unali kubwalo la Bryant-Denny, lomwe limalowa anthu opitirira 100,000. Bwalo la sukulu limenelo, abale, osati la dziko.

Kutsogolo kwa bwalolo kuli ziboliboli za makochi asanu amene anatengerapo Alabama chikho cha dziko lonse: Wallace Wade, Frank Thomas, Bear Bryant, Gene Stallings ndi Nick Saban. Cha a Saban anachiimika mu 2011, ndipo anawaumba akuwomba m'manja, thupi litaweramira kutsogolo pang'ono. Achinyamata anathamangira kujambulitsa. Bambo wina wa m'gulu mwathu, amene mpirawu amautsata kuyambira kalekale, anatiimitsa pomwepo n'kutifunsa kuti: mukuganiza kuti munthuyu anayamba liti kutchedwa bwana? Apa m'pomwe panagona phindu la ulendo wonse, ndiye ndifotokozapo mofatsa.

A Saban anabadwa mu 1951 ku Fairmont, m'dera la migodi ya malasha ku West Virginia. Bambo awo anali ndi malo omwetsera mafuta galimoto, ndipo mwanayo ankatsuka magalimoto pamenepo. Akasiya mizere ya madzi ankamubwezera kuti atsukenso. Anakasewera ku yunivesite ya Kent State ngati wotchinga kumbuyo. Atamaliza maphunziro analibe maganizo a ukochi, koma akazi awo, a Terry, anali atatsala ndi chaka kusukulu, ndiye kochi wawo Don James atawapempha kuti azimuthandiza uku akupitiriza maphunziro, anavomera. Munali mu 1973.

Kuchokera apo kunali kusamukasamuka. Syracuse mu 1977, West Virginia zaka ziwiri, kenako Ohio State, komwe anawachotsa ntchito kumapeto kwa 1981. Ambiri sitinkadziwa zimenezo: munthu wa chiboliboliyu analandirapo kalata yomuchotsa. Anakapezeka ku Navy, sukulu ya asilikali a pamadzi, mu 1982, komwe anagwira ntchito ndi Steve Belichick, bambo ake a kochi wotchuka Bill Belichick. Anakhala zaka zisanu ku Michigan State, ziwiri ku Houston Oilers mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, zonsezo ali wothandizira. Udindo wa kochi wamkulu anaupeza koyamba ku Toledo mu 1990, patatha zaka 17. Anapambana masewero 9 mwa 11, koma chaka chitatha anausiya n'kubwerera kukakhala pansi pa munthu, Bill Belichick yemwe uja, ku Cleveland Browns mu NFL.

Pamenepa panabuka mkangano. Mayi wina anati iye akuganizira a Terry, kumanga katundu chaka ndi chaka, ndipo anafunsa ngati pali mkazi wa m'gulu lathu amene angalole zimenezo. Amuna ena anati kusiya ubwana ku Toledo kunali kupusa. Ine ndikuona mosiyana. Zaka zinayi za ku Cleveland n'zimene zinawapatsa dzina loti Michigan State iwaitane ngati kochi wamkulu mu 1995, ndipo popanda Michigan State, yunivesite ya Louisiana State (LSU) sikanawatenga mu 2000. Chikho chawo choyamba, cha mu 2003 ku LSU, chinabwera patatha zaka 30 chiyambireni ntchito, iwo ali ndi zaka 52.

Sikuti zonse zinali zoyera. Ku Miami Dolphins, timu ya NFL komwe anapita atachoka ku LSU, zinthu sizinayende: m'zaka ziwiri anapambana masewero 15 n'kugonja 17. Mu Disembala 2006 anauza atolankhani poyera kuti sakhala kochi wa Alabama, koma patangopita masabata awiri anali atasaina kontilakiti ya zaka 8 ya madola 32 miliyoni. A ku Miami mpaka lero sanakhululuke, ndipo ine sindikuwadzudzula.

Chaka choyamba ku Tuscaloosa anapambana 7 n'kugonja 6, mpaka kugonja pakhomo kwa timu yaing'ono ya Louisiana-Monroe. Mmodzi wa ife anaseka n'kunena kuti kukanakhala kumudzi, masapota akanawadikirira pageti. Kuno anawasiya agwire ntchito, ndipo zikho zinabwera mu 2009, 2011, 2012, 2015, 2017 ndi 2020. Kuphatikiza cha ku LSU zinakwana 7, kuposa 6 za Bryant. Anapuma mu Januwale 2024 ali ndi zaka 72, ndipo chaka chomwecho malo osewererapo m'bwalo lija anawatcha Saban Field. Othandizira awo nawonso anakula: Kirby Smart anakatenga zikho ziwiri ku Georgia, Steve Sarkisian anapita ku Texas.

Wolowa m'malo mwawo, Kalen DeBoer, nayenso anayambira pa koleji yaing'ono ya Sioux Falls, ndipo mu 2019 anali wothandizira ku yunivesite ya Indiana kwathu konkuno. Mnyamata wina atamva zimenezi anafunsa kuti wothandizira wongoyamba kumene amalandira zingati. Tinamuuza akafunse kochi wa kusukulu kwake, ndipo adzatiuze pamsonkhano.

Madzulo tinadya nthiti zootcha ku Dreamland, zomwe amapereka ndi buledi woyera basi. Nsima inasowa, aliyense anadandaula. Pobwerera tinagwidwa ndi mvula kudutsa Nashville, koma tinafika bwino.

Msungichuma adzawerenga za ndalama pamsonkhano wotsatira, ndipo amene simunamalize kusonkha ya mafuta mukumbukire. Pali ganizo loti ulendo wina tikaone Toledo ndi Kent State, poti n'kufupi ndipo sitingafunike kugona m'njira.