Sabata ya mafoni ku Indianapolis

Ntchito yanga ndi yothandiza aphungu ku Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Indiana, mumzinda wa Indianapolis, ku America. Nyumbayi ili ndi zipinda ziwiri: House ya aphungu 100 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, ndi Senate ya maseneta 50 okhala pampando zaka zinayi. Ambiri ndi alimi, maloya kapena amalonda, ndipo amakumana miyezi yochepa chabe kuyambira Januwale, moti sabata iliyonse imakhala yodzaza.

Lolemba ndi Lachiwiri foni sinapume. Amene andikhudza kwambiri ndi mayi wina wachikulire yemwe amafuna kusonkhanitsa masiginecha kuti anthu avotere kusintha malamulo aakulu a chigawochi. Anamva kuti ku Ohio ndi ku Michigan, zigawo zoyandikana nafe, amachita choncho. Ndinawauza mwaulemu kuti kuno njira imeneyo kulibe. Malinga ndi Article 16 ya malamulo aakuluwo, zipinda zonse ziwiri zivomereze kaye kusinthako, kenako padutse chisankho, aphungu atsopanowo avomerezenso mawu omwewo, ndipo pamenepo nkhani imapita kwa ovota. Bwanamkubwa sasainapo. Mayiwo anadandaula kuti zaka zingathe akudikira. Ndinawamvetsa, ngakhale ine ndimaona kuchedwako kukhala koyenera, chifukwa nkhani yoyaka moto chaka chino siyenera kulowa m'malamulo aakulu anthu asanaiunikenso mitima itazizira.

Lachitatu tinatha tsiku m'komiti, maloya akulimbana pa liwu limodzi la m'ganizo losintha malamulo aakulu. Sanali kutaya nthawi: mawu akasintha pa ulendo wachiwiri, zonse zimayambiranso.

Lachinayi kunabwera ana asukulu, ndipo aphunzitsi awo anafunsa za malamulo aakulu a dziko lonse. Kumeneko aphungu athu ali ndi mbali ina. Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse la America, ikavomereza kusintha ndi magawo awiri mwa atatu a mavoti, zigawo 38 mwa 50 ziyenera kugwirizana nazo. Mu 1977 Indiana inakhala chigawo cha 35 kuvomereza Equal Rights Amendment, yofuna ufulu wofanana pakati pa amayi ndi abambo, koma nthawi yoikika inatha zigawo zisanakwane. Mwana wina anafunsa ngati zigawo zonse zili ndi zipinda ziwiri. Nebraska yokha ili ndi chimodzi, cha maseneta 49.

Lachisanu ndinayankha makalata, ndipo mayi aja ndinawatumizira tsiku limene komiti idzamve maganizo a anthu, kuti akalankhule okha pamaso pa maseneta.