Spider plant yanga itayamba kuuma nsonga za masamba

Amene muli ndi ka spider plant (kachomera ka mu poti ka masamba aatali a mizere yoyera) m'nyumba kuno ku Joni, mukaona nsonga za masamba zayamba kuuma n'kusanduka bulauni musathamangire kuthira madzi chonde. Yanga imakhala pa fulati ku Yeoville ndipo mu Julaye inachita zimenezi, ndiye ndikuuzeni mmene ndinayendera nayo.

Poyamba ndinangopisa chala m'dothi. Linali lonyowa bwinobwino, ndiye nkhani ya ludzu ndinaichotsapo. Chomera chimenechi dzina lake la sayansi ndi Chlorophytum comosum, kwawo ndi konkuno kumwera kwa Africa, ndipo chimasunga madzi m'mizu yake yoyera yonenepa ngati tizinangwa, ndiye sichifa ndi ludzu msanga ayi. Chimene chimachipha ndi madzi ochuluka, masamba amayamba chikasu n'kufewa cha kutsinde, mizu n'kuwola. Ndinaizula mu poti kuti ndione ndi maso. Mizu inali yoyera yolimba, yosanunkha. Ikadakhala yakuda yoterera ndikadaidula ndi sizasi n'kusintha dothi lonse.

Ndiye vuto linali pati? Mpweya. Joni ili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,750, ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti mvula kulibe, mpweya umauma moti ngakhale milomo imang'aluka, ndiye onjezerani hita imene timayatsa usiku wonse ija, chomera chili pafupi pomwepo, mukuti nsongazo zitani? Ndinachisuntha n'kuchiika kutali ndi hita, pamalo powala koma posafika dzuwa lenileni. Mawindo oyang'ana kumpoto muzisamala nawo, nthawi yozizira dzuwa limalowa kwambiri ndipo limawaula masamba. Koma musakachibisenso kumdima, mizere yoyera ija imazimiririka.

Chinanso ndinaona ndi tizinthu toyera touma m'mphepete mwa poti ndi pamwamba pa dothi. Umenewo ndi mchere wotsalira wa feteleza ndi madzi a pampopi, ndipo spider plant sigwirizana nawo, makamaka fluoride, mtundu wina wa mchere umene umapezeka m'madzi a pampopi. Ena amati madzi ukawagoneka mu ndowa usiku zonse zatha, ayi aise, klorini ikhoza kuchepako koma fluoride sapita kulikonse. Ine ndinaika poti mu sinki n'kuthira madzi ambiri pang'onopang'ono mpaka akutuluka pansi, kuti atsuke mcherewo, kenako ndinaisiya idonthe mpaka kutha. Ngati poti yanu ilibe mabowo pansi ibooleni kaye, apo ayi mukungovutika chabe. Feteleza ndinasiyiratu mpaka Seputembala, m'nyengo yozizira chomera sichikula kwenikweni ndiye mukumuthirira chani.

Ndinatembenuzanso masamba kuyang'ana tizilombo toyera taubweya timene timabisala m'kati pomwe masamba amatulukira. Kwanga kunalibe, koma mukatipeza tipukuteni ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti.

Nsonga zouma sizibwereranso kukhala zobiriwira, zimenezo iwalani. Ndinazidula mopendeketsa kuti tsamba lizioneka losongoka ngati kale, n'kusiyako kabulauni pang'ono, chifukwa ukadula pobiriwira pamaumanso pomwepo. Muziyang'ana masamba atsopano otuluka pakati, amenewo ndi amene amakuuzani ngati zatheka. Anga anatuluka abwinobwino. Mvula ikayamba mu Okutobala ndimatchera ndowa pakhonde, ndipo madzi ake ndi amene ndimathirira, dothi lapamwamba likauma basi.