Chingerezi chinandigwetsera m'matope pa Mtayamoyo

Pa Bangula anthu amanditcha Ticha. Sindinaphunzitsepo mwana wa munthu ayi, koma ndinapeza kirediti ya Chingerezi pa MSCE, ndipo sindilola aliyense kuiwala zimenezi. Ndiye mzungu wina wa ku England atafuna womasulira pa ulendo wokaona anthu a ku Makhanga amene Namondwe Freddy anawasautsa mu 2023, ndani akanapikisana nane?

Kuchoka pa Bangula kupita ku Makhanga timaoloka pabwato pa Mtayamoyo, chikokolokereni njanji mu 1997. Dzinalo likunena lokha. Tsikulo bwato linadzaza mpaka madzi kutsala zala zinayi kuti alowe: matumba a chimanga, njinga zitatu, mbuzi, ndi mayi wina atafungatira nkhuku. Mzungu anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"We're skating on thin ice here."

Ine ndinangotola liwu lomalizalo. Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa limawotcha mpaka nsapato, ndiye ndinati munthuyu wafooka. Ndinathamangira kwa mnyamata wa mafirizesi, n'kumugulira awiri ndi ndalama yanga. Analandira, koma maso ake anali ofunsa. Patapita masiku m'pamene mphwanga anandiuza kuti kwawoko nyanja zimaundana nthawi yozizira, anthu n'kumatereratu pamwamba, ndipo pomwe ayisi wapyapyala munthu amabira pansi. Mzunguyo ankangotanthauza kuti tikuseweretsa moyo. Bwanji osangotero?

Tili pakati pa madzi mbuzi inayamba kudumpha, bwato n'kupendekeka. "Don't rock the boat!" anakuwa. Ine pa sitandade faifi ndinaphunzira kuti rock ndi mwala. Ndinaimirira, n'kulengeza kuti bwana akuti amene wanyamula miyala aitaye. Kuimirira kwangako ndi kumene kunalowetsa madzi.

"Khalani pansi, achimwene, mutiphetsa!" anatero mayi wa nkhuku uja.

Kenako mvuu inafwenthera chapatali pang'ono, makutu okha akuoneka. Aliyense zii. Wopalasa anakhotetsa bwato mwakachetechete, thukuta lili kamukamu. Titayandikira tsidya, mzungu anapumira m'mwamba n'kuti, "That was touch and go."

Apa ndiye ndinati palibe chovuta, mawu onse atatu ndimawadziwa. Kukhudza, ndi, kupita. Ndinatembenukira kwa wopalasa ndi mawu aukulu: "Madala, bwana akuti mungogunda gombe basi, n'kubwerera pompo."

Madalawo sanafunse kawiri, paja mzungu ndiye analipira zambiri. Anagunditsa bwato kugombe, ine monga mtsogoleri ndinaponda mwendo umodzi kumtunda, iwo n'kukankha nkhafi kubwerera. Mwendo wina ku Makhanga, wina ukubwerera ku Bangula. Thalauza langa la kutchalitchi linalira kuti kweee, ine chagada m'matope, khuvuu! Anthu osatsika aja anayamba kutukwana, mbuzi ikulira, ana a kugombe akugubuduka ndi phwete. Chonsecho mzunguyo ankangonena kuti zinatsala pang'ono kutithera, tapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Atandivuula, wopalasa anali atalusa, akufuna ndilipire ulendo wachiwiriwo. Mzungu anandisisita paphewa, akudziletsa kuseka.

"I think you're in hot water, my friend."

Ndinamuyang'ana, matope akuyenderera m'makutu, n'kumuyankha m'Chingerezi changa cha kirediti chija kuti ayi bwana, madziwa ngozizira.